Amene Ankatiyankhira pa Geti

Loweruka likubwerali tikukavundukula mwala pa manda a apongozi anga, a Yelemiya Sakala, amene Chalimbana yonse inkawatchula kuti ba Hedi, poti anali mphunzitsi wamkulu. Patha chaka. Alamu anga a Dalitso, achimwene a mwamuna wanga, anaimba foni kuchokera ku Lusaka kuti pa mwambowo ndikalankhule ndine, ati chifukwa palibe munthu amene madalawo anamuimira kumbuyo ngati ine. Ndinawayankha kuti ndili ndi chifuwa. Chifuwa ndilibe ayi. Vuto n'lakuti ndikakaimirira pa mandapo ndikanena zoona, ndipo zoona za ba Hedi si zonenera pakati pa maluwa ndi nyimbo za kwaya.

Ngakhale pa maliro penipeni zinali chimodzimodzi. Azimayi ankabwera mmodzimmodzi kudzandigwira dzanja, aliyense ndi mawu omwewo, akuti ndataya chishango changa. Ndinalira, ndipo misoziyo inali yeniyeni, koma theka lake inali ya mkwiyo. Palibe anasiyanitsa.

Anali munthu wamtali, woonda, woyenda ngati akuyendera mizere ya ana m'mawa pa bwalo la sukulu. Uphunzitsi anaphunzirira konkuno ku Chalimbana, kenako anazungulira masukulu a m'midzi mpaka imvi mbuu. Akazi awo atamwalira, mwamuna wanga Mabvuto anawamangira kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba yathu pa puloti. Cholembera chofiira sichinkachoka m'thumba la shati yawo. Ankakonza nacho zolengeza za ku tchalitchi, makalata a maliro, ngakhale kapepala ka mankhwala ka ku chipatala. Tiyi ankamwa wopanda shuga, n'kumadzudzula aliyense wothira masupuni atatu ngati kuti shugayo ndi wawo. Ankakonda kunena kuti mphunzitsi sapuma ntchito, amangolandidwa choko.

Ine ndi iwo tinali pa ulemu wa chipongozi wa kwawo kum'mawa, ndipo sanaufewetse ngakhale pang'ono. Ine sindinkalowa m'nyumba mwawo, iwo sankaponda pakhonde panga. Tikakumana pa kanjira ka ku mpopi, mmodzi ankapatuka. Moni ndinkapereka nditagwada chapatali, maso ali pansi. Chakudya chinkapita ndi mwana, mbale zinkabwera ndi mwana, ndipo nkhani iliyonse yaikulu inkadzera mwa Mabvuto, munthu wonyamuka kusanache kukakwera basi ya ku Lusaka n'kubwera dzuwa litalowa. Tinakhala choncho zaka zambiri, ine n'kumayesa kuti timamvana.

Mwana wonyamula mbaleyo ndi Taonga, mwana wathu mmodzi yekha. Taonga ali ndi chibwibwi. Ali giredi fili, m'kalasi yodzaza ngati basi ya m'mawa, ankamuimiritsa kuti awerenge mokweza, anzake n'kumamuyeseza mpaka pa njira yobwerera kunyumba. Temu yachiwiri isanathe, mwana analeka kulankhula. Ukamufunsa kanthu ankangogwedeza mutu. Tsiku limene ndinamupeza atabisala m'chimanga cha aneba, yunifolomu ili m'thupi, nthawi ili cha m'ma teni, ndinauza Mabvuto kuti basi, mwanayu ndimuphunzitsa ndekha pakhonde. Mabvuto anapita kukawauza atate ake madzulo omwewo, ndipo sanachedweko. Ndinamufunsa kuti anena zotani. Iye anati angovula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

Anthu ndiye sanatisiye. Kuno mwana akapanda kuoneka pa msewu ndi chikwama m'mawa, pofika masana nkhani yafika kale ku msika. Ena ankati talowa mpingo wachilendo. Ena ankati ndikudzimva ngati mzungu. Mayi wina anandiuza pa chigayo, pamaso pa anthu, kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe, choncho ali ndi ufulu wondiuza kuti ndikumuononga. Ine pakamwa panga mpolemera ndikapsa mtima. Ndinkangonyamula ufa wanga n'kubwerera, n'kudzapeza yankho labwino nditafika kale kunyumba.

Apa ndi pamene ba Hedi anatulutsa benchi. Inali ya desiki yakale ya sukulu, ndipo anaiika pa geti penipeni, mkati mwa mpanda. Kuyambira sabata imeneyo aliyense wobwera ndi funso la Taonga ankayamba wakumana ndi iwo. Lamulo lawo linali limodzi: wofunsa ayambe wakhala pansi. Ankati munthu wofunsa ali chiimire safuna yankho, amafuna kutula mawu ake n'kumapita.

Woyamba kugwa m'manja mwawo anali amake Bupe, a m'bungwe lathu la azimayi ku tchalitchi. Ndinamva zonse ndikuyanika zovala.

"Ba Hedi, imwe munali ba ticha bakulu. Muvomela bwanji mwana ankale pa nyumba monga nkuku? Banzake azabapeza kuti?"

"Khalani pansi, mama."

"Awe, nili na changu, niyenda ku maketi."

"Ngati muli na changu pitani. Yankho siwola, muzaipeza mukabwerako."

Amake Bupe anaima pang'ono, kenako anakoka chitenje chawo n'kumapita. Sanabwerenso ndi funsolo. Ine kuseri kwa zovala ndinaseka mpaka kuluma chala.

Amene ankakhala pansi, ba Hedi ankawayankha mofatsa ndithu, nthawi zina mpaka ola lathunthu. Ankawafunsa kuti mwana wawo anawerenga chiyani dzulo, ndipo ambiri sankadziwa. Ankawauza kuti sukulu si khoma ndi belu, kuti iwo anaona ana akutuluka giredi seveni osatha kulemba kalata yopita kwa amayi awo. Wina akati kodi boma limalola, ankamufunsa ngati wabwera m'dzina la boma kapena m'dzina la miseche, kuti adziwe poyambira. Mkulu wa mpingo atatchula paguwa za makolo obisa ana m'nyumba, ba Hedi anamudikira panja, ndipo Lamlungu lotsatira mkuluyo analalikira za Yona. Wina anabwera ndi nzeru yoti timutumize kwa masisitere ku Kasisi, iwo n'kumuthokoza kwambiri, n'kumufunsa ngati kwa iye kulibe ana ofuna nzeru yomweyo.

Chimene ndinawakondera koposa n'chakuti sankalola kuti Taonga ayesedwe. Pa Khirisimasi ina a Dalitso omwewa, atakhuta nkhuku yanga, anamuitana mwana pamaso pa alendo.

"Iwe Taonga, bwela. Tione sukulu ya bamako. Seveni taimusi eyiti ni zingati?"

Mwana anauma. Ba Hedi sanakweze ndi mawu omwe.

"Mwana si wailesi yakuti aliyense aziyatsa. Iwe Dalitso unabwereza giredi faivi, lipoti yako ikali mu sutikesi yanga. Nikaitenge tiwerengere alendo?"

Nyumba yonse inaphulika ndi chiseko, ndipo Taonga naye anaseka. Tsiku limenelo ndikanatha kuwasenza pamutu apongozi anga n'kuzungulira nawo boma lonse la Chongwe.

Pakhondepo zinthu zinkayenda. Chaka choyamba Taonga anayambanso kulankhula, poyamba ndi ine, kenako ndi atate ake, kenako ndi agogo ake powapatsa mbale. Ankawerengera nkhuku mokweza, poti nkhuku siziseka. Pofika chaka chachinayi anali atamaliza mabuku onse a pulayimale amene ndinatha kupeza, ndipo masamu ena ankachita kundidikira ine.

Munthu mmodzi yekha ndiye anafunsa funso limene inenso linkandisowetsa tulo. Anali bambo wachikulire wa ku Nkomeshya amene ankatibweretsera manyowa a mbuzi pa ngolo. Iyeyu anakhala pansi, anavula chipewa, n'kufunsa mwaulemu.

"Manje ba Hedi, mwana wa pa nyumba azalemba bwanji mayeso ya boma? Pepala ni pepala, bakulu."

"Azalemba," anatero ba Hedi. "Ine nikali moyo. Za pepala nisiyireni ine."

Ndinamva ndi makutu angawa. Pa mawu amenewo ndi pamene ndinatsamira thupi lonse.

Mwana wophunzira kunyumba salowa mayeso a giredi seveni pokhapokha dzina lake litalembetsedwa pa sukulu ina kumayambiriro kwa chaka. Nthawi ikapita yapita, amadikira chaka china. Hedi wa sukulu ina kufupi ndi kuno anali mwana wa sukulu wa ba Hedi kalekale, choncho nkhani inaoneka yosavuta. Mu Januwale ndinaika m'envulopu zithunzi za Taonga ndi pepala lake lobadwira, Mabvuto anakapereka kwa atate ake, ndipo m'mawa wina mu Febuluwale ndinawaona akumanga envulopuyo pa keriya ya njinga, atavala jekete ya ku tchalitchi. Atabwerako anatuma Taonga kudzandiuza kuti zonse zili bwino.

Mu Epulo ndinakakamiza Mabvuto kuti akafunse nambala ya mayeso. Anabwerako atagwetsa nkhope, akuti atate amufunsa kuti anayamba liti kupempha umboni kwa amene anamubala. Sanabwerereko. Ine ndinafuna kufunsa ndekha kangapo konse. Ndinkaima pa mpopi ndi beseni, iwo ali pa benchi, mawu ali kale pa lilime. Koma mpongozi safunsa apongozi ake kawiri, ndipo munthu amene wakhala zaka zinayi akukumenyera nkhondo pa geti ungamufunse bwanji ngati wachitadi zimene ananena? Akuti safunsa anadya phula. Ine ndinadya lambiri, ndipo ndinadyetsako mwana wanga.

Taonga anapanga kalendala yake pa katoni, ndipo m'mawa uliwonse tisanayambe ankadula tsiku limodzi n'kutchula mokweza masiku otsala. Mapensulo anasongola anayi n'kuwamanga ndi labala. Ankati akufuna akakhale m'chipinda chimodzi ndi ana aja ankamuyeseza, alembe osatsegula pakamwa, zotsatira zidzalankhule.

Kutatsala masabata awiri ndinapita ndekha ku sukuluko kuti ndikaone chipinda ndi kutenga nambala. Hedi wake anandilandira bwino. Anayendetsa chala pa mndandanda kuchokera pamwamba mpaka pansi, anabwerezanso, kenako anandiyang'ana ngati munthu wobwera pa maliro olakwika.

"Mama, zina ya mwana palibe apa."

"Koma ba Hedi banabwela. Mu Febuluwale."

"Banabwela, ee. Tinamwa na tiyi. Koma za mayeso sibanakambe. Banapempa chabe kuti nisunge malo imozi mu giledi seveni ya Januwale ikubwela, ati muzukulu wao azayamba sukulu. Nenze kuganiza kuti muziba."

Sindikumbukira kuti ndinatsazika. Ndikukumbukira fumbi la mu Okutobala, ndi kuti nsapato imodzi inandidukira pa njira ndipo ndinaivula n'kuyenda choncho.

Ndinawapeza pa benchi. Kwa nthawi yoyamba chikwatiwire ndinaima patsogolo pawo osagwada, n'kuwayang'ana m'maso.

"Atate, nachoka ku sukulu. Nifuna kuziba chimene mwachita."

"Khalani pansi, amake Taonga."

"Sinizankala."

"Ndiye simufuna yankho."

Ndinakhala, koma osati pa benchi yawo. Ndinakhala pa dothi, m'fumbi momwemo. Iwo anavula magalasi. Sanakane, sanazembe, sananene kuti anaiwala. Anati ndamuphunzitsa bwino mwanayo, kuposa mmene iwo akanachitira. Anati koma mwana wolankhula ndi anthu atatu okha pa dziko lonse sangamuponye ku sekondale asanakhaleko chaka chimodzi pakati pa anzake, chifukwa mmodzi mwa atatuwo ali pafupi kufa ndipo awiri enawo adzakalamba. Anati mwanayo akanakhoza mayesowo ine ndikanapeza njira yomusungabe pakhonde mpaka atamera imvi.

"Nanga zonse zija munali kukamba pa geti? Zaka zinayi, atate. Munali kunama?"

"Anali kufunsa nyumba yanga. Munthu wakunja sanyoza nyumba yanga ine nili moyo. Olo mukanaweta ng'ona pakhonde, nikanawayankha chimodzimodzi."

Mawu amenewo anandilasa kuposa za mayeso. Ndinkayesa kuti munthu mmodzi pa Chalimbana pano amandikhulupirira, ndipo munthuyo ndi mphunzitsi weniweni. Chonsecho ankangotchinga mpanda wake.

"Simunakambe bwanji kuti simuvomeleza?"

"Munanifunsa? Anthu a pa njira anafunsa. Wa manyowa anakhala pansi, anafunsa. Ine amene naphunzitsa ana moyo wanga wonse munangonitumira uthenga, monga uthenga wakuti mwagula mbuzi."

"Mukanakana, atate."

"Nikanakana. Ndiye chifukwa chake simunafunse."

Zinali zoona, ndipo sizinachepetse kanthu. Ndinawafunsa ngati mlandu wa ine ndi iwo unayenera kugwera mwana. Pamenepo anangotembenuza magalasi m'manja. Kenako anati Taonga adzamvetsa akadzakula. Ndinawauza kuti ngati ndi choncho akamuuze okha, lero lomwe, poti pakamwa pawo mpodziwa kuyankha. Sanapite. Munthu amene anagonjetsa mkulu wa mpingo ndi azimayi onse a pa chigayo analephera kuyenda kukaima pamaso pa kamtsikana ka zaka khumi ndi zitatu. Ndinamuuza ndine. Taonga anamvetsera mpaka kumapeto, anatenga katoni yake ija n'kukaiika m'mbaula, ndipo kwa masabata atatu mbale za agogo ake ankanyamula ndi Mabvuto.

Mabvuto naye ndinamuona. Nditamufotokozera, mawu ake oyamba anali akuti mwina n'zabwino. Anatuluka msanga kwambiri mawu amenewo, ngati munthu amene anawasunga nthawi yaitali. Sindikudziwa ngati ankadziwa, ndipo sindinamufunse, chifukwa yankho lake ndilibe poliika. Mu Januwale anamugulira mwana yunifolomu, ndipo ine ndinalibenso mphamvu zolimbana ndi nyumba yonse, pa geti popanda wondiyankhira.

Ba Hedi anadwala mvula ikutha. Ndinawaphikira phala mpaka tsiku lomaliza, ndipo sindinachepetse chilichonse m'mbale yawo. Ulemu ndinapereka wonse, nditagwada chapatali monga kale. Koma kukhululuka sindinakhululuke, ndipo iwo sanapemphe. Taonga ndiye anabwerera kwa iwo ine ndisanakonzeke. Ankawawerengera nyuzi ali chigonere, ndipo zimenezo zinandipwetekanso mwa njira yake.

Mayeso analemba chaka chathachi ndipo anakhoza bwino, monga akanakhozera chaka chinacho. Tsopano ali ku sekondale yoyendera. Ali ndi mnzake mmodzi, mtsikana wolongolola wa ku mafamu, ndipo ndimawamva akuseka pa msewu. Aphunzitsi ake akuti chaka chonse cha giredi seveni sanatulutse mawu m'kalasi ngakhale kamodzi. Anthu amaona kusekako, n'kumandiuza kuti mawu a akulu akoma akagonera. Amake Bupe anachita kundiimitsa kuti andiuze kuti anadziwa kale kuti ndidzatopa. Ndimangowayang'ana. Kaya madalawo analondola kaya analakwa, anali ndi pakamwa, ndipo anasankha kunamiza mwana m'malo mokangana ndi mpongozi.

Dzulo m'mawa ndinalowa m'kanyumba kawo koyamba m'moyo wanga, chifukwa alendo a mwambowu adzagona mmenemo ndipo pafunika kusesa. Katundu anagawana abale maliro atatha, moti mulibe kanthu. Muli misomali iwiri pakhoma, chingwe chimene ankapachikapo zovala, ndi fungo la chipinda chotsekedwa nthawi yaitali. Chipinda chogona chilibe nkhani. Koma m'chipinda chakutsogolo, pansi pa zenera, simenti inadyeka malo anayi, timaenje tosalala ta miyendo ya mpando umene unakhala malo amodzi zaka zambiri. Ndinatsegula zeneralo kuti mulowe mphepo, ndipo ndinaona kuti layang'ana pakhonde panga, pa tebulo pathu penipeni.

Ndili chiimire, nkhuku inakwera pa tebulopo, ndipo ndinamva zikhadabo zake pa thabwa ngati ili m'chipinda momwemo. Sindinkadziwa kuti mawu amafika chonchi. Ndiye kuti phunziro lililonse la zaka zinayi lija analimva, pamene ndinkalakwitsa ndi pamene ndinkalondola, ali ndi zonena zodzaza m'kamwa, ine osawaitana. Ndiye kutinso kuyambira Febuluwale mpaka Okutobala, m'mawa uliwonse, ankamva mdzukulu wawo akulimbana ndi lilime lake kuti atchule masiku otsala. Anamva onsewo, limodzilimodzi, ndipo sanadzuke pa mpando.

Ndinasesa fumbi m'timaenjemo, ndinatseka zenera, n'kuyala mphasa za alendo pamwamba pake.